Tsinakhutu: zolemba za kapulogalamu kondichenjeza fayilo ikafufutidwa

Lolemba, 7 Okutobala

Ndayamba kulemba kuti ndizidziwa zomwe ndagwiragwira pa laputopu ya ku ofesi. Ulendo watha ndinasintha zinthu zitatu tsiku limodzi, ndipo patatha mwezi sindinkadziwanso kuti chinakonza vuto n'chiti.

Ku ofesi ya kopaletivi yathu ya alimi a thonje ndi chitowe kuno kwa Ngabu kuli makompyuta atatu a Windows, komanso laputopu yakale yosweka sikirini yomwe ndinaikamo Debian (mtundu wina wa Linux) chaka chatha. Laputopu imeneyi ndiyo nkhokwe yathu. Ili ndi foda imodzi yomwe onse amaiona kudzera pa Samba, pulogalamu yogawira mafayilo pa netiweki, ndipo mmenemo mumakhala kaundula wa mamembala, maminitsi a misonkhano, zithunzi za minda ndi fayilo ya Excel ya ngongole za mbewu ndi mankhwala opopera. Lachisanu lapitali mayi msungichuma anafuna fayilo ya ngongoleyo kuti aone amene anabweza atagulitsa thonje ndi amene sanabweze, poti mbewu iyenera kugawidwa mvula isanagwe. Fayilo kulibe.

Atandiimbira ndinayankha mwamatama: "Musadandaule amayi, bakapu ilipo." Ndinafika, ndinalumikiza disiki yapadera ija, ndinayang'ana. Kumenekonso kulibe. Wolakwa pamenepa ndine mwini. Madzulo aliwonse pulogalamu ya rsync imakopera fodayo ku disiki yapaderayo, ndipo ndinaiwonjezera ndekha mawu akuti --delete chifukwa disikiyo ndi yaing'ono. Mawu amenewa amatanthauza kuti chomwe chasowa kuno chisowenso uko. Ndiye fayilo itafufutidwa masana, madzulo ake bakapu yanga inaifufutanso mokhulupirika. Komanso Windows, ukafufuta chinthu chomwe chili pa foda ya pa netiweki, sichipita mu Recycle Bin. Chimangopita basi.

Womaliza kukumbukira kuti anaitsegula akuti munali mkati mwa Seputembala. Ndiye kuti tinakhala sabata pafupifupi zitatu tikuseka, fayilo kulibe.

Loweruka ndi dzulo tinakhalira kulembanso ngongole zonse kuchokera m'mabuku a malisiti, ena kaboni yake itafufuma kale ndi kutentha. Koma chondiwawa si ntchitoyo ayi. Ndi momwe anthu akumuyang'anira mlembi wathu, mtsikana wamng'ono yemwe amalume ake ali m'gulu la omwe sanabweze. Palibe wanena poyera. Kungoti akalowa, nkhani imasintha.

Chomwe ndikufuna n'chaching'ono: fayilo ikasowa, ndidziwe tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe. Kapulogalamu (script) kochita zimenezi ndakatcha tsinakhutu.sh, poti wakutsina khutu ndi mnansi.

Lachitatu, 9 Okutobala

Choyamba ndakonza --delete yopanda chitetezo ija. Tsopano rsync ikuyenda ndi --backup komanso --backup-dir, ndipo chilichonse chomwe chafufutidwa kapena kusinthidwa chikusungidwa mu foda ya deti ya tsikulo. Izi ndikadachita kale chaka chatha.

Kenako mlonda weniweniyo. Linux ili ndi njira yake yotchedwa inotify, yomwe inalowa mu kernel (mtima wa Linux) 2.6.13 m'chaka cha 2005. M'malo moti pulogalamu izizungulira n'kumafunsa mphindi iliyonse kuti "fayilo ija ilipo?", umangouza kernel kuti ikuuze chinthu chikachitika mu foda yakutiyakuti. Ndaika inotify-tools, ndipo mtima wa script yonse ndi uwu:

inotifywait -m -r -e delete -e moved_from --format '%e %w%f' /srv/ofesi

Pamenepa -m akutanthauza kuti isasiye ikaona chinthu chimodzi, -r kuti ilowe m'mafoda onse am'kati. Ndaika moved_from pambali pa delete chifukwa kwa munthu amene akufuna fayilo yake, yofufutidwa ndi yosunthidwira kwina n'chimodzimodzi: pamalo pake palibe. Zotuluka zake ndikuzilowetsa mu while read, ndipo pakadali pano zikungolembedwa mu fayilo ya log (kaundula wa zochitika) pamodzi ndi nthawi.

Ndinayesa poyamba pa laputopu yanga, nditalumikiza foda ya ofesi pa netiweki, ndipo sinaone kanthu mlembi atafufuta kafayilo koyesera pa kompyuta yake. Ndinataya ola lathunthu ndisanakumbukire kuti inotify imaona zokhazo zomwe zadutsa mu kernel ya makina omwe ikuyendapo. Mlonda ayenera kukhala pa makina omwe ali ndi disikiyo. Nditaisamutsira pa laputopu yosweka ija, mzere unatuluka pompopompo.

Mayina a mafayilo athu ali ndi mipata yambiri, monga "Ngongole 2024 final yeniyeni.xlsx". Ukaiwala kuika dzina m'kati mwa zizindikiro za mawu ogwidwa, bash, pulogalamu yoyendetsa script, imaliona ngati mafayilo anayi. Ndakonza.

Lachinayi, 10 Okutobala

Tsiku limodzi lokha, log ili ndi mizere 212. Ikanakhala kuti iliyonse ndi SMS, bwenzi nditataya foni mu Shire.

Ndinakhala pansi n'kuiwerenga umodziumodzi, ndipo apa ndaphunzira chinthu chomwe sindinkachidziwa ngakhale ndagwiritsa ntchito Word zaka zonsezi. Ukatsegula chikalata, Word imapanga kafayilo kobisika koyamba ndi ~$ kosonyeza kuti wina wachitsegula, ndipo ukatseka imakafufuta. Imeneyo ndi mizere yambiri ndithu, koma ndi yosavuta kuisefa. LibreOffice nayo ili ndi kake koyamba ndi .~lock. Chovuta ndi nthawi yosevinga. Word silemba pamwamba pa fayilo yakale. Imalemba yatsopano ndi dzina longoyembekezera lothera ndi .tmp, n'kusintha dzina la yakaleyo, n'kupereka dzina lenileni kwa yatsopano, kenako n'kufufuta yakale ija. Excel imachitanso zofanana, kungoti dzina lake longoyembekezera limakhala zilembo ndi manambala osakanikirana opanda mchira uliwonse. Ndiye nthawi iliyonse mayi msungichuma akadina Save, kwa kamphindi kosakwana sekondi fayilo ya ngongole imakhala palibe pa dzina lake, ndipo mlonda wanga amakuwa kuti akuba.

Ndinayamba kulemba mndandanda wa mayina oti asefedwe, koma ndinaona kuti sudzatha. Njira yomwe yagwira ndi ya mwana wa pulayimale: uthenga ukabwera, dikira masekondi 20, kenako yang'ananso ngati fayiloyo ilipo pa dzina lake. Ngati ilipo, khala chete. Ngati palibe ndipo dzina lake si la timafayilo tobisika tija, lemba. Ndayesanso pa zochitika za lero ndipo pa 212 patsala itatu. Iwiri inali yanga yoyesera. Wachitatu ndi chithunzi chomwe mlembi anachotsa chifukwa chinali chosaoneka bwino, ndipo anandiuza yekha ndisanamufunse, nkhope ili pansi. Zinandimvetsa chisoni kuti mwana wafika pomaulula chithunzi.

Loweruka, 12 Okutobala

Uthenga uzindipeza bwanji? Imelo ayi, ndimaitsegula kawiri pa sabata. Telegram ndi yosavuta kwa wolemba script, mzere umodzi wa curl basi, koma imafuna intaneti mbali zonse ziwiri, ndipo bandulo ya ku ofesi ikatha pakati pa mwezi imadikira msonkhano wa komiti. WhatsApp ndi yomwe aliyense ali nayo, koma njira yake yovomerezeka yotumizira uthenga kuchokera mu pulogalamu ndi ya mabizinesi ndipo ili ndi ndondomeko zambiri. Ndasankha SMS. Imafika ngakhale pa kafoni ka mabatani ka a tcheya, ngakhale munthu ali kudimba.

Mu dirowa munali dongle yakale, kachipangizo ka USB kolowetsamo simu. Poyamba Linux inaiona ngati CD, poti zambiri mwa izi zimadzionetsa choncho kuti ziike madiraiva a Windows. Usb_modeswitch inaitembenuza kukhala modemu. Ndagula simu yake yapadera, ndaika pulogalamu yotumiza ma SMS yotchedwa gammu-smsd. Ndasankha imeneyi m'malo mwa gammu wamba chifukwa imasunga uthenga pamzere: netiweki ikasowa, uthengawo umadikira n'kudzapita ikabwerera. Script imangoitana gammu-smsd-inject.

Apa pali kanthu kena koseketsa. Uthenga woyesera wachiwiri unafika uli ndi dzina lopunduka. Fayilo yake inali ndi dzina loti Malaŵi, lolembedwa ndi ŵ wa kadenga. SMS wamba imanyamula zilembo 160, koma pokhapokha zonse zili mu alifabeti ya GSM, ndipo ŵ mulibemo. Kuti afike bwino uyenera kutumiza uthengawo ngati Unicode, ndipo pamenepo umanyamula zilembo 70 zokha, kutanthauza kuti dzina limodzi lalitali lidya ma SMS awiri kapena atatu. Pepani a ŵ, mu SMS script ikumusandutsa w wamba. Mu log akukhalabe ndi kadenga kake.

Lachitatu, 16 Okutobala

Dzulo linali tchuthi cha Tsiku la Anakubala. Wachiwiri kwa mlembi anapezerapo mpata wokakonza foda ya zithunzi za minda ya chaka chatha, zomwe zinali zobwerezabwereza. Anafufuta 143. Ine ndili kwa amayi anga ku Bangula, tikudya nsima ya mapira ndi makakana, foni inayamba kulira osalekeza mpaka amayi anafunsa ngati kwagwa maliro. Inasiya yokha mayunitsi atatha mu simu ija.

Tsopano zosowa zikusonkhanitsidwa kwa mphindi zitatu, kenako SMS imodzi: chiwerengero, foda yake, ndi mayina awiri oyamba. Ndaikanso malire a ma SMS khumi pa tsiku, kupatula foda ya ngongole ndi ya kaundula, zomwe uthenga wake uzipita nthawi zonse.

Lolemba, 21 Okutobala

Kuyambira Lachinayi foni inali zii. Ndinkanyadira kuti ofesi yaphunzira kusamala. Lero m'mawa ndafufuta dala kafayilo koyesera kuti ndionetse a tcheya momwe zimayendera, tinadikira tonse tikuyang'ana foni, mphindi zisanu, khumi. Palibe. A tcheya anangoti, "Achimwene, mlonda wanuyu ndi wa masiku ano, amagona."

Sananame. Script ndinaiyambitsa ndi dzanja pa terminal, ndipo Lachinayi masana laputopu inazima yokha ndi kutentha. Wina anaiyatsanso, Samba inadzuka yokha monga imachitira, anthu anapitiriza ntchito, koma tsinakhutu sanadzuke chifukwa palibe anamuuza kuti adzuke. Masiku anayi tinalibe mlonda, ndipo ine chete ameneyo ndinamuyesa mtendere.

Ichi ndicho chandiopsa kuposa zonse zomwe ndakumana nazo pa ntchitoyi. Ife a kuchigwa kuno timadziwa kuti kumwamba kukhoza kukhala kowala, dzuwa likuswa mtengo, pomwe madzi anyamuka kale kumapiri a Thyolo ndi Mulanje akutsika ndi Ruo. Amene amadalira foni ya wachibale wa kumtunda, foniyo ikapanda kulira, sadziwa ngati kulibe madzi kapena batire la mnzakeyo latha. Choncho ndachita zinthu zitatu.

Script tsopano ndi service ya systemd (pulogalamu yoyambitsa mapulogalamu ena pa Linux) yokhala ndi Restart=always, ndipo imadzuka yokha makina akayaka. Ndasinthanso HandleLidSwitch kukhala ignore mu logind.conf, poti ndinapeza kuti wosesa amatseka chivindikiro cha laputopu kuopa fumbi, ndipo ikatsekedwa imagona.

Chachiwiri, m'mawa uliwonse 7 koloko script ina yaing'ono imawerenga mafayilo onse ndi find, n'kuyerekeza mndandandawo ndi wa dzulo pogwiritsa ntchito comm. Imeneyi sidalira inotify konse, ndiye chomwe mlonda wa pakhomo waphonya chimagwidwa pa kuwerenga kwa m'mawa, monga mwini khola amawerengera ng'ombe zake zisanatuluke ngakhale agalu sanauwe usiku.

Chachitatu, kuwerengako kukatha SMS imapita, kaya pasowa kanthu kaya ayi: "Ndili maso. Mafayilo 4,318. Osowa 0." Tsiku lomwe uthenga umenewu sudzafika, ndidzadziwa kuti vuto lili pa mlondayo. Ndi SMS imodzi pa tsiku, ndipo ndikulipira ndekha mpaka komiti ivomere.

Za kutenthako: mwezi uno masana thermometer ya pakhoma ikumapitirira madigiri 40, ndipo ofesi ndi ya malata opanda siling'i. Lamulo la sensors linaonetsa purosesa ili m'ma 90. Ndinatsegula laputopu, ndinapeza fani itakutidwa ndi fumbi losakanizika ndi ulusi wa thonje, ngati kachisa ka mbalame. Ndinabwereka pampu kwa wokonza njinga za kabaza pamsika n'kupopera mpaka tonse tinayetsemula. Pano yakhala pa njerwa ziwiri kuti mpweya uzidutsa pansi, ndipo yatsika kufika m'ma 60. Magetsi okha sakundidetsa nkhawa kwambiri: ofesi inagula sola ndi batire mu 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo laputopu ndi rauta zili pa mzere umenewo.

Lachisanu, 25 Okutobala

Msonkhano wa komiti, pansi pa mtengo wa nimu chifukwa m'kati simukhalika. Ndinafotokoza zonse mwachidule. Funso la a tcheya linali limodzi: "Ndiye kachipangizo kanuko katiuza kuti wafufuta ndani?"

Ndinayankha kuti ayi. Inotify imanena chomwe chachitika ndi malo ake, koma siitchula munthu. Nkhope zawo zinagwa, ndipo ndinazindikira kuti sabata zonsezi iwo amayesa kuti ndikutchera msampha. Bambo wina wa m'komiti anati ndiye phindu lake n'chiyani, kukuuza kuti mbuzi yabedwa osakuuza wakuba. Ndinati phindu lake n'lakuti mbuziyo ikadali panjira, mutha kuibweza.

Pang'ono pokha ndingawathandize. Samba ili ndi gawo lotchedwa full_audit lomwe limalemba dzina la akaunti ndi adiresi ya kompyuta yomwe yachita chinthu. Ndaliyatsa madzulo ano. Malangizo akale amanena kuti ulembe unlink ndi rename, koma m'ma Samba atsopano mayinawo ndi unlinkat ndi renameat, ndipo izi zandidyera nthawi. Komabe ku ofesi kwathu onse amalowa ndi akaunti imodzi, pasiwedi yake inamatidwa pakhoma pafupi ndi kalendala. Ndiye log idzati "kompyuta ya pawindo, 10:42". Amene anakhala pa mpando umenewo nthawi imeneyo, kaya ndi mwini wake kaya wongodutsa wofuna kupulinta kalata ya mwana wake, makina sadziwa. Ndawauza poyera kuti asadzagwiritse ntchito log imeneyi poweruza munthu. Kupatsa aliyense akaunti yake ndi nkhani ya mtsogolo, ndipo ndikudziwa kale kuti mapasiwedi onse adzathera pakhoma lomwe lija.

Chothandiza kwenikweni ndi gawo lina lotchedwa recycle, lomwe ndayatsanso. Chofufutidwa pa netiweki tsopano chikupita mu foda yobisika ya .recycle m'malo motheratu. Kwa inotify zimenezi zikuoneka ngati moved_from, ndiye ndinachita bwino kuiika pachiyambi pomwe. Foda ya .recycle ndaichotsa pa zomwe mlonda amayang'anira, apo ayi bwenzi akukuwa ndikamataya zinyalala.

Mlembi ndiye amalemba maminitsi a msonkhanowu. Pomwe ndimati makina sangatchule munthu, cholembera chake chinaima kaye, kenako anapitiriza.

Lachitatu, 30 Okutobala

Palibe zambiri. Uthenga wa m'mawa wafika masiku onse. Tsiku limodzi unafika cha m'ma 11 chifukwa netiweki inasowa, gammu-smsd inausunga monga ndimayembekezera. Ndayang'ana max_user_watches poopa kuti mafoda angachuluke kuposa malire, poti inotify imafuna diso limodzi (watch) pa foda iliyonse, koma mafoda athu sakwana 300, tili kutali.

Lachiwiri, 5 Novembala

Lero ndiye kunali kuyesedwa kwenikweni. Ndinali pa minibasi kuchokera ku Nchalo, foni inalira 10:47: "Yasowa 1, foda Ngongole: Ngongole 2024 final yeniyeni.xlsx." Fayilo yomwe ija tinailembanso ndi thukuta, ndipo kugawa mbewu ndi Lachinayi.

Ndinaimbira ku ofesi. Anayankha mlembi, ndipo nditangotchula dzina la fayiloyo anati, "Achimwene, ine lero kompyuta sindinaikhudze, ndili pa malisiti chifikireni." Mawu akunjenjemera. Ndinamuuza kuti sindikufunsa zimenezo, angouza onse kuti asiye kaye foda imeneyo.

Nditafika ndinatsegula .recycle, fayilo ili phee, yathunthu, ndi zosintha za dzulo madzulo. Kuibweza sikunatenge mphindi. Ndisanatsegule n'komwe log ya Samba, mayi msungichuma anabwera okha pambali panga. Mu fodamo munali mafayilo awiri, ina "final yeniyeni" ina "final yeniyeni (2)", ndipo iwo amafuna kuchotsa yobwereza kuti Lachinayi pasadzakhale chisokonezo. Anaganiza kuti ya (2) ndiyo yatsopano. Sinali. Magalasi awo anali atawasiya kunyumba.

Anakhala chete kanthawi, akuyang'ana sikirini. Kenako motsitsa mawu anati, "Mu Seputembalanso ndinakonzako mafayilo obwereza." Sindinayankhe, ndipo sindingathe kutsimikiza chilichonse, poti nthawi imeneyo kunalibe log. Masana ndinawaona atagula thobwa mabotolo awiri, limodzi anakaika pa tebulo la mlembi osanena kanthu.

Fayilo ya (2) ndaisamutsira mu foda ya zakale ndi dzina lokhala ndi deti. Ndagwirizana ndi amayiwo kuti mu foda ya ngongole muzikhala fayilo imodzi yokha.

Lachisanu, 8 Novembala

Mbewu yagawidwa dzulo, mndandanda unali wolondola. Kumadzulo kwayamba kuchita mitambo.

Zotsala. Foda ya .recycle ikukula, ndiyenera kuika cron (ntchito yoyenda yokha pa nthawi yoikika) yochotsa zomwe zakhalamo masiku opitirira 60, ndipo ndiiyesa kaye ndi -print ndisanaike -delete, poti mawu amenewo anandipweteka kale. Nambala ya mayi msungichuma ilowe pa olandira uthenga wa foda ya ngongole, apempha okha. Simu ya mu dongle ikufuna mayunitsi pa 1 mwezi uliwonse, ndalemba pa kalendala.

Ndipo disiki ya bakapu ikadali pa shelefu imodzi ndi laputopu, chapansi pa mzere wa matope womwe madzi a namondwe Freddy anasiya pakhoma mu Malichi 2023. Tsinakhutu sangatumize SMS ali m'madzi. Mawa ndibwera ndi misomali ndi thabwa kuti shelefu ikwere, ndipo ndapempha komiti ndalama ya disiki yachiwiri yoti izikagona kunyumba kwa a tcheya, komwe n'kokwera, n'kumasinthana ndi inayo Lachisanu lililonse. Akuti ayankha pa msonkhano wa pa 22.